Kodi Sisitema Ameneyu Ndani?

Tsiku limenelo Nelito anaweruka msanga kokumba golide, matope ali lendelende mpaka m'mawondo, ndipo atangotsamiritsa mota yake, njinga yamoto, pamtengo wa mango anamva mkazi wake Edite akulankhula yekha kuseri kwa nyumba. Edite anali pamphasa ndi komputadori yobwereka kusukulu ya ku Fingoe kumene ankasesa, akukonzekera mayeso a ku Tete m'mawa mwake, oti akakhoza asiye tsache akakhale patebulo mu ofesi. Mphunzitsi wake anali atamuuza kuti akafuna kumvetsa sisitema, imene imayendetsa zonse m'kati mwa komputadori, azidziyesa porogarama n'kumalankhula ngati ndi iyeyo. Koma Nelito izi sankazidziwa. Iye anangomva mawu.

"Ine pandekha sindingakhudze kanthu," ankatero Edite, maso ali chotseka. "Chilichonse chimene ndikufuna ndimapempha kwa sisitema. Ndikamuitana amandimva pompo, n'kundichitira."

Nelito anaima chilili, chipewa chili m'manja. Kenaka anatsokomola.

"Mai a Carlota."

"Ii, mwabwera? Mwachita bwino. Takhalani apa mundithandize, muzindifunsa mafunso."

"Mafunso ndili nawo," anatero Nelito, akuvundikira chidebe kuti akhalepo. "Ambiri."

"Ha, lero ndiye mwakoma mtima. Yambani."

"Sisitema ndani?"

"Eya! Lenilenilo limene aphunzitsi anati lidzabwera." Edite anawongola msana. "Sisitema ndiye mwini zonse. Ndiye amasunga, ndiye amagawa, ndiye amalola, ndiye amakana. Popanda iye palibe chimene chingayende."

"Popanda iye."

"Palibe chingayende."

"Nanga ine?"

"Inu muli kunja. Inu ndi wogwiritsa ntchito chabe."

Nelito anayang'ana miyendo yake yamatope.

"Dzina lake lonse ndani?"

"Sisitema Operativu."

"Operativu. A kwa Operativu sindikuwadziwa ine. Si a kuno amenewo. Ndi aja anabwerera kuchokera ku Zambia?"

Edite anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Inunso nthabwala! Ku Zambia aliko, ku Malawi aliko, ku Maputo ndiye osanena. Ndipo kulikonse kumene ungamupeze, mapemphedwe ake ndi amodzi."

"Woyendayenda." Nelito anagwedeza mutu, kenaka anadzimenya pantchafu, matope n'kuthothoka. "Dikira! Ndamudziwa ameneyo!"

"Mwamudziwa?"

"Chaka chatha ndinapita kutauni kukatenga chiphaso. Ndaima pamzere dzuwa lonse, ndafika pazenera, mtsikana wa m'menemo akuti, 'Lero sisitema palibe.' M'mawa mwake ndabwerera, akuti, 'Sisitema wagwa.' Ine ndinati epa, munthu wamkulu kugwa m'mawamawa, kachasu ameneyo. Anthufe kumatikhalitsa padzuwa, kodi iye amakhala ali kuno?"

"Kugwa kokha amagwadi," anatero Edite mosaseka. "Akalemedwa."

"Ukumuikira kumbuyo!"

"Sindikumuikira kumbuyo, ndi mmene alili. Akagwa umangomugoneka pang'ono n'kumudzutsanso."

"Amamudzutsa ndani?"

"Nanga n'kukhala ndani? Ndikafika kusukulu m'mawa, ndisanagwire n'komwe tsache, ndimayamba ndamudzutsa. Wa kusukuluyo amachedwa kudzuka, wakalamba."

"Nkhalambanso!"

"Koma ntchito amaigwira. Funsani lina, musataye nthawi."

Nelito anapukuta thukuta ndi chipewa. Mtima unali ukugunda ngati makina ophwanya miyala, koma anadziuza kuti mwamuna wanzeru amamva nkhani yonse asanakweze mawu.

"Mumalankhulana bwanji?"

"Mwa shamada. Ndiwo mutu wa mayeso umenewo, shamada za kwa sisitema."

Nelito shamada ankaidziwa. Shamada ndi ija umaimba pafoni.

"Kangati patsiku?"

"Patsiku? Inu! Musanaphethire n'komwe ndamuitana kale kambirimbiri."

"Ine ndikakuimbira umati unali kumadzi. Umati batire inatha."

"Zimenezo n'zina. Funsani za m'mayeso."

"Umamupempha chiyani?"

Edite anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala. "Tsegula. Werenga. Lemba. Tseka."

"Atsegule chiyani?"

"Chilichonse chimene ndikufuna. Makiyi onse ali ndi iye."

Nelito anacheukira chitseko cha nyumba yake, chimene anachipala yekha ndi manja ake, n'kuyang'ana loko.

"Onse?"

"Onse. Ine sindiloledwa kutsegula ndekha. Ndimati, 'Nditsegulireni apa.' Iye amayang'ana kaye ngati ndili woyenera. Akalola amatsegula, n'kundipatsa nambala."

"Anakupatsa nambala!"

"Amandipatsa nthawi zonse. Popanda nambalayo angadziwe bwanji chimene ndikunena ndikabweranso? Koma nthawi zina amakana, amati, 'Ulibe chilolezo.'"

"Eya, nayenso manyazi amamugwira."

"Si manyazi, ndi malamulo."

"Amakhala kuti munthu wa malamuloyu?"

"Mtima wake uli mu nukuleyo. Zonse zikuluzikulu zimachitikira m'menemo."

Apa Nelito anadzambatuka, chidebe n'kugubuduka. Nukuleyo ankaidziwanso. Ndi kagulu kaja ka Akhristu a m'dera limodzi, kamene kamakumana kupemphera pakhomo pa mmodzi wa iwo.

"Nukuleyo iti? Ya kwathu kuno onse ndimawadziwa! Ndi uja wandevu woimba mawu aakulu m'kwaya? Uja amandipatsa moni ndi manja awiri? Ndinadziwa ine! Munthu sangamalemekeze mnzake choncho popanda chifukwa!"

Edite anatsegula maso n'kumuyang'anitsitsa mwamuna wake, kuyambira kuchipewa mpaka kumatope. Kumwetulira konse kunachoka.

"Bambo a Carlota. Kodi inu mukuganiza chiyani?"

"Ine sindikuganiza. Ndikumva."

Mlomo wa m'munsi wa Edite unatuluka pang'ono. Nelito mlomo umenewo ankaudziwa bwino. Ukatuluka choncho, ngakhale ng'ombe ziwiri sizikanamusuntha mkaziyo pamene wakhala.

"Chabwino," anatero Edite pang'onopang'ono, akumanganso kapulana wake m'chiuno. "Ndimayesa mukundithandiza, kodi mukundizenga mlandu. Dzutsani chidebecho mukhale. Pitirizani kufunsa."

"Ingonena kuti zonsezi n'zabodza, nkhani ithe."

"Palibe bodza limene ndanena."

"Edite!"

"Palibe ngakhale limodzi. Ndipo ndiziyankha mmene zilili m'buku, osachotsapo, osawonjezapo. Munthu amene ndinamuberekera mwana akandiganizira zopusa, sindidzitsuka ayi. Funsani."

Nelito anakhala. Chidebe chinali chitaphwanyika mbali imodzi, ndiye anakhala chopendekera.

"Uli wekha kwa iyeyo?"

"Ndekha? Tilipo ambiri."

"Ambiri!"

"Ambirimbiri. Aliyense amamupatsa kanthawi kake. Uyu pang'ono, uyu pang'ono, uyu pang'ono, n'kubwereranso kwa woyamba. Amachita mwachangu mwakuti aliyense amayesa ali yekha."

"Wamitala! Ndipo iwe ukudziwa, koma uli phee?"

"Ndidandaule chiyani? Amagawa mwachilungamo. Wina akafuna kukhalitsa amamuchotsa, n'kuitana wotsatira. Malonso amagawa, aliyense pake. Ukaponda pa mnzako amakutulutsa."

"Koma abale inu. Ndiye pamene ali kwa anzakowo iwe umatani?"

"Ndimagona."

"Umagona."

"Ndimamuuza kuti ndikugona, adzandidzutse nthawi ikakwana. Imeneyonso ndi shamada."

Nelito anaika chipewa kumutu, n'kuchivulanso. Nkhuku inadutsa pakati pawo ikujompha, iye osaiona.

"Pali china chimene sunandiuze?"

"Chilipo chachikulu. Aphunzitsi anati chimenechi anthu ambiri amalephera."

"Nena."

"Ntchito ikandichulukira, ndimamupempha mwana."

Ngakhale nkhuku ija inaima.

"Wati umamupempha chiyani?"

"Mwana. Ndimangopempha kamodzi, amandipatsa pompo. Panali mmodzi, pakhala awiri, kholo ndi mwana."

"Mwanayo amafanana ndi ndani?"

"Ndi ine ndendende. Zonse amatengera kwa ine."

Nelito anakumbukira zimene anthu ankanena kumsika akaona kamtsikana kawo: mwanayu ndi mai ake enieni, bambo sanaikepo kanthu.

"Carlota amafanana ndi iwe," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Carlota musamulowetse m'mayeso anga."

"Koma mphuno ija ndi yanga, eti? Mai a Carlota, tayang'ana mphunoyi. Amai anga anaiona tsiku lomwe anabadwa, anati ndi ya kwathu."

"Mphuno mulibe m'buku."

"Mayo ine! Nanga ana enawo ali kuti? Amadya chiyani?"

"Amagwira ntchito yawo. Ine ndimangodikira, kudikirakonso ndi shamada. Mwana akamaliza amatsanzika, sisitema n'kundiuza kuti wamaliza bwino kapena walakwitsa. Basi, watha."

"Watha bwanji?"

"Watha. Kulibenso."

"Nanga akapanda kumaliza?"

"Akauma mutu, osamva chilichonse, timapempha sisitema amuphe."

Nelito anachita chizindikiro cha mtanda mofulumira mpaka anadzibaya chala m'diso.

"Yesu, Maria! Munthu wa mu nukuleyo!"

"Poyamba amamuchenjeza mwaulemu kuti aleke yekha. Akakana, ndiye basi."

"Ndipo ukunena maso ali gwa!"

"Ndi mmene zilili m'buku. Koma kholo likatha msanga n'kusiya ana amasiye, sisitema sawataya. Amawapezera wowalera."

"Aa, pokhapo ndiye wachita zaumunthu," anatero Nelito, n'kudzidzimuka yekha. "Ayi! Ine ndikumuyamikira chiyani? Tamvera, Edite. Ku Tete mawa supita."

"Ndipita."

"Ndati supita! Galimoto ya mawa inyamuke popanda iwe. Maphunziro amenewa atha lero."

"Ndasesa makalasi aja mpaka msana wapindika. Ndawerenga miyezi yonseyi maso akuwawa. Ndipita, ndikalemba, ndikakhoza."

"Ukakumana naye kumeneko!"

"Ndikakumana naye, inde. Mayeso ake ndi omwewo."

"Waona!"

"Koma mukavutikiranji ndi wa ku Tete? Panonso alipo."

"Pano pati?"

"Pakhomo pano. Chibwerereni inu iye ali pompano, akumva kutentha ngati ife tomwe."

Nelito anauluka. Anatola mpini wa pikiti yokumbira golide umene unali pakhonde n'kuthamangira kunkhokwe. Anasuzumira m'kati, chimanga chokhachokha. Anazungulira kukhola, mbuzi zinamuyang'ana zikubzikula. Analowa m'nyumba, anagwada, anasuzumira pansi pa bedi, n'kutuluka ndi ulusi wa kangaude kumutu.

"Operativu! Tuluka ngati ndiwe mwamuna!"

"Musakuwe, anthu amva."

"Amve! Operativu! Unandikhalitsa padzuwa kutauni, lero ndakupeza!"

"Mukufuna kolakwika."

"Ali kuti?"

Edite analoza ndi mlomo komputadori imene inali pamiyendo pake.

Nelito anayandikira, mpini uli m'mwamba, n'kusuzumira pagalasi. Anaona thambo lobiriwira ndi timabokosi ting'onoting'ono.

"Chithunzi chake chili kuti?"

"Alibe chithunzi."

"Wabisa."

"Tsitsani mpiniwo, makina a eni ake awa. Mukaswa, mukasesa ndinu kusukulu. Khalani apa. Ayi, pamphasa ayi ndi matopewo, njutani pomwepo. Bweretsani chala."

Nelito ananjuta. Edite anagwira chala chake chokhakhala chija n'kuchidinitsa pabatani. Pagalasi panatuluka chilembo.

"Mwaona? Mwadina ndinu. Koma porogarama yolemberayi mabatani siwaona, galasi silikhudza, mosungiramo zinthu simufika. Ili ngati yomangidwa manja. Ndiye imapempha. Imati, 'Werengani, wadina chiyani munthuyu?' Sisitema amaiuza. Imati, 'Lembani ichi.' Sisitema amalemba. Dinaninso."

Anadina, anadinanso, Edite akumutsogolera chala, mpaka pagalasi panaoneka dzina lakuti Carlota.

"Tsopano tikufuna lisafufutike. Porogarama ikupempha: tsegulani malo, lembani, tsekani. Onani, lasungika. Kupempha kumeneko ndiye shamada. Si ya foni ayi."

Nelito anayang'ana galasi, anayang'ana mkazi wake, anayang'ananso galasi. Anaweramira pansi pa makinawo ngati mwina pali kakhomo.

"Ndiye kuti si munthu?"

"Ndinanena liti kuti ndi munthu?"

"Unati amagwa."

"Amagwa."

"Unati wakalamba."

"Wa kusukuluyo anamuika kalekale, ine ndisanayambe ntchito."

"Nanga nukuleyo?"

"Ndi chigawo chake cha m'katikati, chimene chimalamula makina. Dzina analipereka ndi azungu, osati ine."

"Anawo?"

"Porogarama ikadzigawa pawiri, yachiwiriyo amaitcha mwana. Ikauma, osayenda, timaizimitsa. M'buku analemba kuti kupha. Mukufuna ndikalembe zina kumayeso kuti inu mugone bwino?"

"Nanga bwanji unkati ine, ine?"

"Aphunzitsi anati tizidziyesa porogarama. Mukanafunsa zimenezo poyamba, bwenzi pano mutasamba."

Mpini unagwa pansi wokha. Nelito anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watuluka m'dzenje lakuya, kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi, misozi ikulengeza.

"Ha! Ine ndimadziwa kale. Ndimangokuyesa ngati wakonzeka."

"Pansi pa bedi mumakayesa chiyani?"

"Ndimayang'ana makoswe." Anachotsa ulusi wa kangaude kumutu. "Koma wakonzeka, mkazi wanga. Mmene wandipweteketsera mutu inemu, a ku Tete aja sakakutha. Mawa ndikuperekeza ndekha pamota mpaka pokwerera. Ndipo uja wandevu wa kwaya ndikamupatsa moni ndi manja awiri inenso."

Mlomo wa Edite unabwerera m'malo mwake, ngakhale sanafune kuti ziwoneke msanga.

"Mphuno ija ndi yanu," anatero akuyang'ana kumbali. "Ndani wina angakhale ndi mphuno yotero m'boma lonse lino?"

"Eya! Ndimanena ine!"

"Ndiponso musamunyoze sisitema. Nanunso muli naye."

"Ine? Ayi, ine zimenezo ayi."

"Ali m'thumba lanu. Foni iliyonse ili ndi wake. Mukadina kuti muimbe, porogarama yoimbirayo siimba yokha, imapempha kwa iye. Bweretsani kuno ndikuonetseni."

Nelito anatulutsa foni, anaipukuta pamalaya n'kuipereka monyadira, ngati munthu amene wauzidwa kuti m'munda mwake muli golide. Edite anaitsegula.

"Onani. Apa ndi pamene amasunga onse amene mwawaimbira. Porogarama ikati werengani, iye amabweretsa maina motere, kuyambira..."

Chala chinaima. Chinatsika pang'ono, chinatsikanso. Mlomo uja unayamba kutuluka.

"Nelito."

Nelito anadzidzimuka. Chikwatiranireni, mkazi wake ankamutchula dzina pokhapokha zinthu zikavuta.

"Argentina ndani?"

"Aa, ameneyo? Ndi wa kuntchito."

"Wa kuntchito. Lero m'mawa, Argentina. Masana, Argentina. Dzulo, Argentina, Argentina. Ine dzina langa lili pansi penipeni, pamodzi ndi wokonza matayala."

"Ayi, tamvera. Argentina ndi dzenje."

"Dzenje."

"Dzenje lathu latsopano la golide. Maenje onse ali ndi maina kumeneko. Lathuli tinalitcha choncho chifukwa cha timu ya mpira ija, mnzathu Ilídio ndiye anaumirira."

"Dzenje lili ndi nambala?"

"Nambala ndi ya mlonda wake. Iwe, dzenje sulankhula nalo wekha. Ukafuna kulowa umapempha kwa mlonda, iye ndiye amatsegula, chifukwa makiyi a pampu ali ndi iye. Nthawi zina amakana, amati madzi achuluka."

"Mumapitako kangati?"

"Tsiku ndi tsiku! Popanda Argentina pakhomo pano sitingadye. Ndikangodzuka m'mawa maganizo onse amakhala kwa iye. Ndi wovuta, koma akafuna kupatsa amapatsa."

"Amapatsa."

"Ndikunena miyala, Edite! Ndipo si ine ndekha, tilipo asanu, timasinthana..." Nelito anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Thukuta linayambiranso. "Ayi, ndayamba molakwika. Khala pansi ndikufotokozere bwinobwino."

Edite anatseka komputadori mosamala, anailowetsa m'nyumba, n'kutuluka atavala nsapato, mpango uli kumutu. Anapita molunjika pamtengo wa mango n'kukhala kumbuyo kwa mota, foni ya mwamuna wake ili m'manja.

"Lizani."

"Tikupita kuti? Nanga mayeso ako?"

"Mayeso ndi mawa," anatero Edite. "Lero ndikufuna ndikalione ndi maso anga dzenje loyankha foni."